Musanafomete, werengani kaye zimene yalemba

Pa msika wa Mitundu, monganso kwathu pa Nathenje, pali mankhwala amodzi ochiza matenda onse a foni ndi kompyuta. Foni ikuchedwa? "Tiifulashe." Laputopu ikuzima yokha? "Tiifomete." Pulogalamu ikungotsekeka? "Ndi vayirasi imeneyo, tiifomete basi." Pa tchuthi chapitachi ndinangotsala pang'ono kumwa nawo mankhwala amenewa, ndipo ndikanatero ndikanafufuta mawu a munthu amene sadzayankhulanso pa dziko lino. Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi ganizo limene ndikufuna tikambirane. Chizolowezi chathu chofufuta chinthu tisanamvetse chimene chavuta chikutitayitsa zambiri, ndipo chimene chingatipulumutse si ukatswiri wa makompyuta ayi, koma kuwerenga.

Ndiyambe ndi kuulula kuti ine si wa sayansi. Ndimaphunzira mbiri yakale ku Zomba. Laputopu yanga ndi ya kaunjika, ThinkPad T420, mtundu umene unatuluka mu 2011, ndipo anandigulira ndi amalume nditasankhidwa kupita ku yunivesite. Mnzanga wa ku sekondale, amene pano akuphunzira ku Bunda ndipo amachita lendi ku Mitundu, ndiye anandinyengerera kuti tichotsemo Windows tiikemo Gentoo.

Kwa amene simunamvepo, Gentoo ndi mtundu wina wa Linux. Linux anaiyamba Linus Torvalds mu 1991, pomwe Gentoo anaiyamba Daniel Robbins ndipo inatuluka yathunthu koyamba mu 2002. Kusiyana kwake ndi zinazi ndi kotere. Windows, ngakhalenso mitundu yambiri ya Linux, imakupatsani ufa wogayagaya wa m'paketi. Gentoo imakupatsani chimanga ndi chigayo. Mumakoka pa intaneti malangizo a pulogalamu monga anawalembera anthu, kenako kompyuta yanu yomwe imawatembenuza kukhala chilankhulo cha makina. Mukalemba mawu oti emerge ndi dzina la pulogalamu, chigayo chimayamba kulira. Mumasankha nokha kuti mukufuna mgaiwa kapena woyera, chiti chilowe ndipo chiti chitsale. Mtengo wake ndi nthawi. Timapulogalamu ting'onoting'ono timatha m'mphindi zochepa, koma zikuluzikulu ngati LibreOffice zimatenga maola ambirimbiri pa makina okalamba ngati angawa. Magetsi akazima pakati, batire nalonso n'lotopa, pulogalamu imene imagayidwayo muiyambanso.

Apa m'pamene tinapangana nzeru. Zing'onozing'ono zonse ndinali nditagaya pa laputopu yanga, koma zitatu zolemera, LibreOffice yolembera, Audacity yokonzera mawu ojambulidwa ndi VLC yomvetsera, tinati tikagaye pa kompyuta ya mnzangayo, imene ndi yatsopanoko komanso yamphamvu. Pofuna kuti zonse zifanane, iye anakopera fayilo yanga ya malamulo a kagayidwe, yotchedwa make.conf, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Zitapsa ndinaziika pa fulashi, n'kukwera minibasi kudzera pa Bunda Turn Off kubwerera ku Nathenje, mtima uli m'malo.

Ndinaziika usiku womwewo. Kutsegula Audacity, inangophethira n'kuzimiririka. Kutsegula LibreOffice, chimodzimodzi. VLC inatseguka, koma nditangoipatsa fayilo yoti iyimbe, nayonso inathawa. Panalibe uthenga, panalibe chenjezo. Zina zonse zinkagwira bwinobwino.

Chimene chinandiumitsa m'kamwa ndi ichi. M'laputopumo munali mawu a akuluakulu 11 a m'midzi yozungulira Nathenje amene ndinacheza nawo za njala ya 2002, chaka chimene Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu February kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anandiuza za kudya madeya ndi zitsa za nthochi, za kugulitsa mbuzi pa mtengo wozizira, za mayina a amene sanafike pa nthawi yokolola. Ndinkajambula pa foni, n'kumasamutsira mu laputopu, n'kumafufuta pa foni kuti papezeke malo. Kwina kulikonse kunalibe. Ndipo mmodzi mwa agogo amenewa, amene anayankhula nane kwa ola lathunthu pansi pa mtengo wa mango, anali atamwalira masabata awiri m'mbuyomo.

M'mawa mwake ndinabwerera ku Mitundu, koma mnzanga uja ndinamuphonya. Anali atapita kumaliro kwawo, foni yake yosapezeka. Ndinalowa m'kashopu kena ka okonza mafoni ndi makompyuta. Mkulu wake anaiyatsa, n'kuyang'ana sikirini kwa kanthawi.

"Achimwene, Windows yake ndi iti imeneyi?"

Ndinafotokoza mmene ndikanathera.

"Ayi, izi ndi vayirasi. Tingoifometa, tiike Windows, pofika madzulo mwatenga."

"Nanga mafayilo anga?"

Anachotsa hadi disiki n'kuilumikiza pa kompyuta yake. Kompyutayo sinaone kanthu, inangofunsa ngati akufuna kuifometa. Pano ndikudziwa chifukwa chake: Linux imasanja mafayilo m'njira yotchedwa ext4, imene Windows payokha siiwerenga. Koma tsiku limenelo sindinkadziwa, ndipo mkuluyo atanena kuti "mwaona, zinapita kale izi," ndinangotsala pang'ono kugwedeza mutu. Chimene chinandiletsa n'chakuti usiku wapitawo ndinali nditawaona ndi maso anga mafayilo 11 aja ali pamalo pake. Ndinapepesa, ndinalipira ya kuyang'ana, n'kunyamula katundu wanga.

Madzulo mnzanga anaimba. Sanandiuze chimene chavuta chifukwa nayenso sankadziwa. Anangondifunsa mafunso atatu. "Aise, mafayilo wawakopera pena?" Ndinachita manyazi, n'kuwakopera pa fulashi nthawi yomweyo. "Chomaliza kusintha zisanayambe kuvuta n'chiyani?" Mapulogalamu atatu aja. "Ndiye usaitsegule podina kachithunzi. Lemba dzina lake pa terminal, undiwerengere zimene ikunena."

Terminal ndi kazenera kakuda kaja kolembamo malamulo. Ndinalemba audacity. Panatuluka mawu awiri okha: Illegal instruction. Ndinayesa VLC, mawu omwewo. Kenako anandiuza kulemba dmesg, lamulo limene limaonetsa kaundula wa zimene mtima wa Linux waona, ndipo kumapeto kwake kunali mizere yonena kuti invalid opcode, pambali pake dzina la pulogalamu iliyonse imene inagwa. Ndiye kuti mapulogalamuwo sankangofa chamchetechete. Ankasiya kalata nthawi iliyonse, ine ndi amene sindinkadziwa koiwerengera.

Tanthauzo la kalatayo n'lakuti pulosesa, ubongo wa kompyuta, yalamulidwa kuchita chinthu chimene sichili m'chilankhulo chake. Tinatsegula make.conf. Pa mzere wa malamulo a kagayidwe panali mawu akuti -march=native. Mawu amenewa amauza chigayo kuti, "gaya molingana ndi pulosesa ya pano." Pa laputopu yanga, "pano" ndi pulosesa ya m'badwo wa Sandy Bridge wa 2011. Pa kompyuta ya mnzanga, "pano" ndi pulosesa yatsopanoko imene imadziwa malamulo owonjezera monga AVX2, amene Intel inabweretsa mu 2013. Ndinafufuza mawu oti avx2 mu fayilo ya /proc/cpuinfo, imene imandandalika zonse zimene pulosesa yanga imatha, ndipo sanapezeke. Telala anasoka suti poyeza thupi la mnzanga, woivala n'kukhala ine.

Ndinaseka ndekha usiku umenewo. Tinakopera fayilo mosasintha chilembo kuti zinthu zifanane, osadziwa kuti muli liwu limene tanthauzo lake limasintha ndi malo amene likuwerengedwera. Zili ngati kalata yongoti "bwera kuno" imene yatoledwa m'mudzi wina. Wophunzira zilankhulo aliyense amalidziwa vuto limeneli. Ndiponso kwa ife a mbiri yakale, liwu la native si lachilendo: ladzaza m'mafayilo a atsamunda ku National Archives ku Zomba, ndipo nakonso linkatanthauza zimene wolembayo ankafuna malinga ndi pamene waima.

Kukonza kwake kunali kwa liwu limodzi. M'malo mwa native tinalemba sandybridge, mnzanga atabwerako anagayanso Audacity ndi VLC, ndipo LibreOffice ndinangotenga yogayagaya imene Gentoo imapereka pa dzina la libreoffice-bin. Zonse zinatseguka. Panalibe vayirasi, hadi disiki inali yabwinobwino, ndipo palibe fayilo imene inatayika.

Tsopano ganizo langa lija. Zimene tinachita usiku umenewo ndi zomwe aphunzitsi a mbiri yakale amatiuza chaka choyamba. Sunga umboni usanaukhudze. Funsa chimene chinachitika chisanafike chimene ukufufuzacho. Werenga chikalata chenicheni, osati zimene anthu akunena za chikalatacho. Yesa ganizo limodzi pa nthawi, ndipo likalephera ulisiye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri a ife a maphunziro a za anthu timadziona ngati alendo pa nkhani za makina, moti kompyuta ikangotsokomola timaipereka kwa wina mutu uli pansi. Chonsecho ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku ndi kuwerenga mawu ovuta mofatsa mpaka atulutse tanthauzo. Uthenga wa pa terminal ndi mawu basi.

Mkulu wa m'kashopu uja sindikumuda. Ali ndi mzere wa makasitomala, amalipidwa pa ntchito imene yatha, ndipo palibe amene angamupatse ndalama chifukwa chokhala ola lathunthu akuwerenga kaundula. Kufometa n'kwachangu ndipo nthawi zambiri chinthu chimayakadi. Koma taonani zimene timalipira. Zithunzi za ukwati, manotsi a zaka zitatu, mawu a agogo, zonse zimapita. Choipitsitsa n'chakuti sitiphunzirapo kanthu. Ngati vuto linali RAM yowonongeka kapena fani yodzaza fumbi, limabweranso mwezi wotsatira, ndipo timabwereranso ndi ndalama ina. Mlandu ndi wa tonse amene timafuna yankho pofika madzulo.

Wina anena kuti, "Vuto unaliputa wekha. Ukanakhala ndi zogayagaya, zonsezi sizikanachitika." Akunena zoona, sindikana. Kugaya wekha pulogalamu iliyonse kumafuna magetsi odalirika, bandulo yokwanira ndi nthawi yotaya, zinthu zimene wophunzira wa ku Nathenje sakhala nazo. Eni ake a Gentoo nawonso mu December 2023 anayamba kupereka mapulogalamu ochuluka ogayagaya kwa amene safuna kudikira. Mchemwali wanga atandipempha lero, ndingamuikire Debian kapena Linux Mint, osati Gentoo. Choncho musamve ngati ndikulalika kuti aliyense agule chigayo.

Chimene ndikulimbikira n'china. Ndinatha kupeza vuto chifukwa chinthucho chinali chotsegula: fayilo ya malamulo ndinatha kuiwerenga, kaundula ndinatha kumuona, liwu lolakwika ndinatha kulisintha. Richard Stallman, amene anayamba ntchito ya GNU mu 1983, amaika ufulu wophunzira mmene pulogalamu imagwirira ntchito pakati pa maufulu anayi a wogwiritsa ntchito kompyuta. Kale ndinkaona ngati ndi nkhani ya azungu okhuta. Pano ndikuona kuti ufulu umenewu ndi wofunika kwambiri kwa munthu amene sangakwanitse kugula makina ena akavuta amene ali nawo.

Ndipo nkhaniyi yatifika pakhomo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 ndi pulosesa yatsopanoko. T420 yanga siili pa mndandanda wovomerezeka, monganso malaputopu ambiri a kaunjika amene ophunzira timanyamula. Makina amenewa ndi amoyo ndithu. Linux ingawapatse zaka zina zingapo, koma pokhapokha pa Mitundu, pa Nathenje ndi m'makoleji mwathu patapezeka anthu osaopa kazenera kakuda. Si zosatheka kuno. A Baobab Health Trust ku Lilongwe anamanga makina a kaundula wa odwala m'zipatala zathu pogwiritsa ntchito mapulogalamu otsegula omwewa, ndipo anali Amalawi amene ankawalemba ndi kuwakonza.

Ndiye pulogalamu ikadzakutsekekerani, kaya ndi pa Linux kaya pa Windows, yesani izi musanakwere kabaza kupita kokafometa. Koperani mafayilo anu pena, lero lomwe, chinthu chisanavute n'komwe. Dzifunseni chimene mwasintha komaliza. Fufuzani uthenga umene pulogalamu yasiya, pa terminal kapena pa Event Viewer ngati muli pa Windows, muulembe ndendende. Onani ngati ikugwa imodzi kapena zonse, chifukwa zikamagwa zonse mosasankha, kaikirani RAM kapena kutentha, ndipo memtest86+ ndi yaulere. Sinthani chinthu chimodzi, muyese, kenako china. Mukafunsa munthu, mupatseni uthengawo, osangoti "yafa." Safunsa anadya phula, koma wofunsa wopanda umboni naye amapatsidwa yankho la aliyense.

Ndisanabwerere ku Zomba ndinapita ku mudzi wa agogo omwalira aja, laputopu ili m'chikwama. Ndinapempha kaye kwa ana awo ngati n'koyenera, iwo n'kuvomera. Tinakhala pa mphasa, agogo aakazi ali pakati, ndipo ndinatsegula fayilo. Mawu a amuna awo anatuluka, akutsokomola kaye monga ankachitira, kenako akufotokoza za mbuzi imene anagulitsa kuti agule ndowa ya madeya. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto osayankhula. Itatha anangoti, "Mwanawe, ubwerezenso pamene akunena za mbuzi paja. Ananama, inali ya ine mbuzi imeneyo."