Giannis asavutike ndi zakutali, nthenda yake ili pafupi

Pakati pa anthu okonda mpira wa basketball pali mkangano wina wosatha ngati mlandu wa malire a munda. Nkhani yake ndi ya Giannis Antetokounmpo, chimphona chotalika mamita 2.11 chomwe timu ya Milwaukee Bucks ya ku America idatenga m'chaka cha 2013. Palibe amatsutsa zoti mkuluyu ndi katswiri. Adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa mu ligi ya NBA mu 2019 komanso mu 2020, ndipo mu 2021 adanyamula chikho. Koma mukangotchula dzina lake pagulu, sipalephera wina wonena kuti: zonsezo tamva, koma munthuyu satha kuponya.

Kwa inu amene mpirawu simudauzolowere, mkombero womwe amalowetsamo mpira uli m'mwamba mamita 3.05. Ukalowetsa uli pafupi umapata mapointi awiri. Ukalowetsa uli kunja kwa mzere wokhota uja, womwe mu NBA uli pa mtunda wa mamita 7.24, mapointi amakhala atatu. Ndiye pali mpira wina umene amautcha free throw, womwe tingati ndi penate ya basketball. Akakuchita faulo pamene ukuponya, woyimbira amakuimika pa mzere wa pafupi, mamita 4.6 kuchokera pa bolodi, popanda wokutchinga, ndipo uliwonse ukalowa ndi pointi imodzi.

Ochemerera ambiri akamati Giannis akonze kaponyedwe amakhala akunena za mpira wa mapointi atatu. Akuti masiku ano basketball idasintha, Stephen Curry wa Golden State Warriors adaonetsa dziko lonse kuti zikho zimabwera ndi mipira ya kutali, tsono naye Giannis aphunzire. Ena amaloza minofu. Akuti mnyamatayu adalowa mu NBA ali wowonda ngati bango, adanyamula zitsulo mpaka mapewa kutupa, ndipo dzanja lidauma. Mu 2020 wosewera mnzake James Harden adathira mafuta pamoto pomwe adanena poyera kuti kukhala wamtali n'kumangothamanga kukaponda mpira mumkombero sikulira luso lililonse. Dzina sadatchule, koma aliyense adadziwa yemwe amanenedwa.

Ine ndikuona kuti onsewa akufuna kupereka mankhwala a mutu kwa munthu wodwala mwendo. Chimene chakhala chikumupweteka Giannis si mzere wa kutali ayi. Ndi mzere wa pafupi, pomwe amaima yekha popanda womusokoneza.

Tiyambe ndi masamu, omwe ngakhale mayi wogulitsa tomato pamsika angatiwerengere. Chiyambire kusewera mu NBA, pa mipira 100 iliyonse ya kutali Giannis amalowetsa yosafika 30. Tinene kuti 29. Amenewo ndi mapointi 87. Koma mu chaka cha masewero cha 2023/24, pa mipira 100 iliyonse yomwe adaponya, yambiri mwa iyo ali pafupi, 61 imalowa. Tikaiwerengera mapointi awiriawiri tikupeza 122. Chaka chimenecho adakhala munthu woyamba m'mbiri ya NBA kumwetsa mapointi 30 pa masewero aliwonse uku akulowetsa mipira 60 pa 100. Ndiye munthu wotere mukumuuza kuti asiye katundu wa phindu n'kukaoda wosayenda malonda? Mukaonetsetsa, adani ake amamusiya dala akaima kutali, amachita kubwerera m'mbuyo ngati akumuitanira. Amadziwa kuti mpira uliwonse womwe waponya ali kumeneko ndi mphatso kwa iwo.

Sikuti sadayesepo. Mu 2019/20 amaponya mipira ya kutali pafupifupi isanu pa masewero aliwonse, ndipo imalowa 30 pa 100. Itafika ndime ya chipulula, momwe matimu awiri amakumana mpaka imodzi itapambana masewero anayi, Miami Heat idawatulutsa 4-1. N'zoona kuti adavulala kakolo m'kati mwa ndimeyo, koma pomwe amavulala n'kuti zinthu zitathina kale. Mu 2024/25 adachepetsa mpaka osafika mpira umodzi pa masewero, koma mapointi ake sadatsike: 30.4 pa masewero aliwonse.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zomwe sindingazinyoze. Yoyamba ndi ya khoma. Mu 2019 Milwaukee idatsogola 2-0 pokumana ndi Toronto Raptors, kwatsala pang'ono kulowa ndime yotsiriza. Mphunzitsi wa Toronto, Nick Nurse, adauza Kawhi Leonard kuti amukakamire Giannis, ndipo kumbuyo kwake kumaima zimphona zina monga Marc Gasol ndi Pascal Siakam wa ku Cameroon. Giannis akati adutse amapeza anthu atatu atatseka njira. Toronto idapambana masewero anayi otsatizana. Apa ndi pomwe ochemerera amati: akadakhala woponya kutali, khomalo likadagumuka lokha.

Komatu anthu atatu akaunjikana pa munthu mmodzi ndiye kuti anzake awiri ali okhaokha penapake. Khoma limagwa ndi kupatsira, ndipo ntchito yoponya kutali ndi ya anzakewo. Mu 2021 Milwaukee idali ndi Khris Middleton, Brook Lopez komanso Jrue Holiday yemwe adabwera mu 2020, ndipo chikho chidabwera Giannis asadasanduke Curry.

Mfundo yachiwiri ndi ya Lopez yemweyo. M'zaka zake zisanu ndi zitatu zoyambirira mu NBA chimphona chimenechi chidalowetsa mipira ya kutali itatu yokha. Mu 2016/17, chili ku Brooklyn Nets, chidalowetsa 134 m'chaka chimodzi. Ngati Lopez adaphunzira atakula, Giannis alephera bwanji? Funso labwino. Koma Lopez adali kale ndi dzanja: pa free throw amalowetsa pafupifupi 8 pa 10 kuyambira ali mnyamata. Adangosuntha luso lomwe adali nalo kale n'kulipititsa kutali. Munthu amene akuphonya pa mamita anayi ndi theka ali yekha, simungamuyambitse pa mamita asanu ndi awiri wina akumulumphira kumaso. Tisaiwalenso kumene adachokera. Curry adakulira m'mabwalo a NBA chifukwa bambo ake, Dell Curry, adali katswiri woponya kutali. Giannis adabadwira ku Athens m'dziko la Greece kwa makolo ochokera ku Nigeria, ndipo pa msinkhu womwe Curry amaponya mipira ndi bambo ake, iye amagulitsa mawotchi ndi magalasi m'misewu pamodzi ndi mkulu wake Thanasis kuti kunyumba kupezeke chakudya. Basketball adayamba ali ndi zaka pafupifupi 13.

Tsopano taonani masewero awiri awa, omwe kwa ine amathetsa mkangano wonse.

Pa 20 July, 2021, Milwaukee idakumana ndi Phoenix Suns m'masewero achisanu ndi chimodzi a ndime yotsiriza. Giannis adamwetsa mapointi 50. Mwa mapointi amenewa, a kutali adali atatu okha, mpira umodzi basi. Koma pa ma free throw 19 omwe adapatsidwa adalowetsa 17. Milwaukee idapambana 105-98 n'kutenga chikho chake choyamba chichokereni 1971. Kusiyana kudali mapointi 7. Akadalowetsa 10 yokha m'malo mwa 17, matimuwo akadafanana mphamvu ndipo mwina lero tikadakamba zina.

Pa 26 April, 2023, Milwaukee idakumananso ndi Miami. Chaka chimenecho Milwaukee ndiyo idapambana masewero ambiri mu ligi yonse, 58, pomwe Miami idalowa ndime ya chipulula mochita kukwawa. Giannis adamwetsa mapointi 38, zomwe pa pepala zikuoneka zokongola. Koma pa ma free throw 23 adalowetsa 10 yokha. Adataya mapointi 13 aulere, ndipo timu yake idagonja 128-126 mu nthawi yoonjezera n'kutuluka mumpikisano pa ndime yoyamba. Patangopita masiku ochepa mphunzitsi Mike Budenholzer, yemwe adawapatsa chikho zaka ziwiri m'mbuyomo, adachotsedwa ntchito. Munthu mmodzimodzi, mzere womwewo, mkombero womwewo. Usiku wina chikho, usiku wina mphunzitsi kulongedza katundu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti luso limeneli adali nalo. Mu 2016/17 amalowetsa ma free throw 77 pa 100. Mu 2019/20 adatsika kufika pa 63, adakwerako kufika pa 72 mu 2021/22, kenaka mu 2024/25 adagwera pa 62. Kwa wosewera wamba zimenezi sizikadadetsa nkhawa kwambiri, koma Giannis amapita pa mzerewu maulendo khumi kapena kuposerapo pa masewero aliwonse, chifukwa njira yokhayo yomuimitsira ndi kumugwira. Mdani akadziwa kuti pa mipira iwiri umodzi ukhoza kuphonya, faulo imasanduka malonda abwino. Adachita nazo zotere Shaquille O'Neal, yemwe amalowetsa pang'ono kuposa theka, mpaka matimu adayamba kumugwira dala masewero akamapita kumapeto. O'Neal adatengabe zikho zinayi, koma pambali pake padali Kobe Bryant ndipo kenaka Dwyane Wade, anthu oti n'kuwapatsa mpira mphindi zotsiriza mtima uli m'malo.

Nanga akonze bwanji? Apanso ochemerera amagawikana. Alipo omwe amati aziponya chochokera pansi, mpira ataugwira ndi manja awiri pakati pa miyendo ngati mwana woyamba kumene. Musaseke. Rick Barry adaponya choncho moyo wake wonse ndipo amalowetsa pafupifupi 9 pa 10. Wilt Chamberlain, tsiku lomwe adamwetsa mapointi 100 mu 1962, adalowetsa ma free throw 28 pa 32 ndi njira yomweyi, koma pambuyo pake adaisiya chifukwa cha manyazi. Njirayi imagwira ntchito, ndipo amene amaikana chifukwa choopa kusekedwa ndimawadabwa. Komabe kwa Giannis sindikuiona kuti ndiyo yankho. Imathandiza munthu amene dzanja lake lidakanikiratu. Munthu amene adafikapo pa 77 sakusowa njira yachilendo. Akusowa njira imodzi yoti aikhulupirire.

Amene akhala akumuonera kwa zaka zingapo adzavomereza kuti kachitidwe kake pa mzerewu kakhala kakusinthasintha. Chaka china amadunda mpira pansi kambirimbiri, chaka china amayamba wayeseza kuponya opanda mpira, kupuma mozama, kenaka n'kuulandira. Lamulo la NBA limapereka masekondi 10 okha. Mu 2021 ochemerera a ku Brooklyn, Atlanta ndi Phoenix adayamba kumuwerengera mokweza bwalo lonse, wani, thu, firii, mpaka kupitirira 10, ndipo nthawi zina oyimbira adamulandadi mpira kaamba kochedwa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Munthu ukaima nthawi yaitali ndi mpira m'manja, anthu zikwizikwi akukukuwiza, mutu umayamba kuganiza zomwe dzanja limadziwa kale. Langizo langa ndi losavuta kunena ngakhale ndi lovuta kuchita: afupikitse mwambo wonsewo, asankhe kaponyedwe kamodzi, asakasinthenso ngakhale ataphonya sabata yathunthu. Ndipo poyeserera aziponya atatopa, thukuta lili kamukamu, chifukwa m'masewero enieni amafika pa mzerewu atangogundidwa kumene ndi anthu olemera makilogalamu 110.

Za minofu zija sindigwirizana nazo, ndipo umboni wanga ndi Karl Malone wa Utah Jazz. Malone adali ndi thupi ngati la munthu woswa miyala, amasewera malo omwewa a kutsogolo, ndipo m'chaka chake choyamba, 1985/86, amalowetsa ma free throw 48 okha pa 100. Patatha zaka zitatu adafika pa 76. Pomwe amapuma n'kuti atalowetsa ma free throw 9,787 ndi mapointi onse pamodzi 36,928. Mipira ya kutali pa zaka 19 zonsezo adalowetsa 85 yokha. Zitsulo sadasiye kunyamula.

China chomwe Malone adawonjezera ndi mpira wa pakatikati, wa mamita anayi kapena asanu, woponya utalumpha pang'ono mdani akabwerera m'mbuyo kukatseka njira. Umenewu ndi mbale wake wa free throw: mtunda ndi womwewo, dzanja limayenda chimodzimodzi, ndiye ukakonza umodzi winawo umatsatira. Apa Giannis adayamba kale kuyenda njira yoyenera. Mu 2023 adapita kukaphunzira kwa Hakeem Olajuwon, mbadwa ya ku Lagos yomwe idapatsa Houston Rockets zikho mu 1994 ndi 1995 ndi luso la mapazi pafupi ndi mkombero, ndipo mu 2024/25 mipira yake ya pakatikati idachuluka n'kumalowanso bwino kuposa kale. Amenewa ndiwo mankhwala enieni a khoma lija, osati kuthawira kunja kwa mzere wokhota.

Nkhaniyi ikufunika changu chifukwa cha zaka. Giannis adabadwa pa 6 December, 1994, ndiye kuti zaka 30 adadutsa. Mpira wake ndi wa miyendo, wothamanga ndi kulumpha, ndipo miyendo ndiyo imayamba kutopa. Mu 2024 adalephera kusewera ndime yonse ya chipulula chifukwa chovulala katumba, Indiana Pacers n'kuitulutsa Milwaukee iye akuonerera ali pabenchi. Tsiku lidzafika lomwe sadzathanso kudutsa anthu atatu ndi liwiro lokha. Malone adasewera mpaka zaka 40, ndipo m'zaka zake zomaliza ku Utah amamwetsabe mapointi 20 pa masewero, ambiri mwa iwo ataima pa mamita anayi ndi theka aja.