Mimba ya mapasa siyidikira kuti iwonekere

Kwathu tinazolowera kuti pathupi sitilengeza. Mayi amakhala chete mpaka chitenje chiyambe kuthina, ena poopa maso a anthu, ena pomvera malangizo a azakhali. Ambiri amayamba sikelo mimba itakwana miyezi inayi kapena isanu. Chizolowezi chimenechi tabwera nacho kuno ku Wigston, Oadby ndi Leicester yense, koma kwa mayi amene wanyamula mapasa chikhoza kudyetsa mwana.

Nkhani yagona pa nsengwa, chiwalo chimene mwana amalandirira chakudya ndi mpweya ali m'mimba. Mapasa ena aliyense amakhala ndi nsengwa yake, ena amagawana imodzi. Malangizo a bungwe la NICE, amene zipatala za NHS zimatsatira, akuti zimenezi ziunikidwe pa sikani ya pakati pa masabata 11 ndi 14. Nthawi imeneyi ikadutsa, zimavuta kusiyanitsa bwinobwino.

Kusiyana kwake si kwamasewera. Ana akagawana nsengwa, magazi akhoza kumayenda mokondera, wina n'kumalandira ochuluka pamene mnzake akuperewedwa. Madokotala amalitcha vutoli TTTS, ndipo limagwira pafupifupi mimba 10 mpaka 15 mwa 100 zilizonse za mtundu umenewu. Likapezeka msanga, akatswiri amatha kutseka timitsempha tolumikiza anawo pogwiritsa ntchito laser. Likachedwa kudziwika, banja likhoza kutaya ana onse awiri. N'chifukwa chake mayi wotere amaunikidwa masabata awiri alionse kuyambira sabata 16, pamene wa nsengwa ziwiri amaunikidwa masabata anayi alionse kuchokera sabata 20. Ndiye amene wakaonekera koyamba pa miyezi isanu, waphonya masikani angati?

Ngakhale mayi mwini ali pa chiopsezo. Mimba ya mapasa imakonda kubweretsa BP yokwera ndi kuchepa kwa magazi, ndipo mapasa oposa theka amabadwa masabata 37 asanakwane. Malipoti a MBRRACE-UK akhala akuonetsanso kuti m'dziko lino amayi achikuda amamwalira pa uchembere mowirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi azungu. Choncho ife ndi amene tiyenera kufika msanga, kufunsa mafunso, ndi kubwereranso ngati sitinamvedwe.

Tikudziwa zimene zimabweza anthu m'mbuyo. Wina akuopa bilu, wina mapepala ake sanalongosoke, wina akuti, "Nanga shifiti ya ku care home ndisiyira ndani?" Tiuzane zoona. Kulembetsa kwa GP n'kwaulere, ndipo safunika kuona viza yanu. Chithandizo cha uchembere sichikanizidwa kapena kuchedwetsedwa chifukwa cha ndalama, ngakhale kwa amene adzalandire bilu pambuyo pake. Bungwe la Maternity Action limalangiza pa nkhani zimenezi. Lamulo limapatsanso mayi wolembedwa ntchito ufulu wopita ku sikelo osadulidwa malipiro. Ngati Chingerezi cha madokotala chikukuthamangirani, pemphani womasulira.

Pempho lathu ndi ili. Mukangodziwa kuti ndinu oyembekezera, lumikizanani ndi azamba kapena GP kuti muonedwe masabata 10 asanakwane, ndipo yambani kumwa folic acid. Akakuuzani ku Leicester Royal Infirmary kapena ku Leicester General Hospital kuti ndi mapasa, musatuluke musanafunse kuti, "Kodi nsengwa ndi imodzi kapena ziwiri?" Mimba ikakula mwadzidzidzi, mpweya ukamabanika, kapena mukaona magazi, imbani foni tsiku lomwelo, osadikira tsiku limene anakulemberani.

Abambo, perekezani akazi anu. Amayi a m'mipingo ndi m'magulu a WhatsApp, mtsikana akakunong'onezani, musamuuze kuti adikire kaye. Chinsinsi chisungeni ndithu kwa aneba, ngakhale kwa abale akumudzi ngati mwafuna, koma mzamba adziwe. M'mera mpoyamba.