Tidziwe za Makina: Kabokosi Koyendetsera Kireni Popanda Chingwe



M'ndime yathu ya makina ulendo uno tikamba za chipangizo chimene ambiri a ife sitinachikhudzepo, koma ana athu ena amene ali ku Joni ndi ku Durban amachimanga m'chiuno tsiku ndi tsiku, ndipo ena ochuluka amagwira ntchito pansi pa katundu amene chipangizocho chikuyendetsa. Tikunena kabokosi ka wailesi koyendetsera kireni, makina aja onyamula katundu wolemera m'mafakitale, m'madoko ndi pomanga nyumba zosanja. Kholo likamva kuti mwana wake amayendetsa kireni ndi rimoti limaganiza za karimoti ka TV kamene kamagona pa mpando, kamene nthawi zina kamakana kumvera mpaka utakamenya pa bondo. Tsono mtima umadumpha. Chitsulo cha matani 20 chili lende m'mwamba, pansi pali anthu, ndipo chochilamula ndi mafunde osaoneka ndi maso. Nanga mafundewo atasokonezeka?

Funsoli ndi loyenera, ndipo amisiri opanga makinawa analiganizira kalekale.

Poyamba tinene chifukwa chake kabokosika kanabwera. Kale woyendetsa kireni ankakhala m'kanyumba pamwamba penipeni, kutali ndi katundu, nkumadalira munthu wina pansi womuuza ndi manja kuti kweza, tsitsa, ima. Asodzi a usipa akudziwa bwino m'mene alovi amadalirira siginala usiku: iye akalakwitsa, khoka lonse labwera lopanda kanthu. Pa kireni siginala akalakwitsa si nsomba zimene zimatayika ayi, ndi mwendo kapena moyo wa munthu. Makireni ena a m'mafakitale anali ndi mabatani olendewera pa chingwe, choncho woyendetsa ankayenda motsatira katundu ngati mbuzi ya pa chingwe, kufupi ndi chinthu chomwecho chimene chikanamugwera. Wailesi inamumasula. Tsopano amasankha yekha poima, pamene akuona bwino katundu ndi anzake omanga zingwe, patali ndi ngozi. Tibokosi tambiri timafika mtunda wa mamita 100 kapena kuzungulira pamenepo.

Nzeru yolamula makina ndi wailesi si yachilendo. M'chaka cha 1898 ku New York, katswiri wa zamagetsi Nikola Tesla anaonetsa anthu kabwato kakang'ono kamene ankakayendetsa pa madzi ali chiimire pa mtunda, popanda waya. Lero pali makampani amene ntchito yawo ndi imeneyi basi, monga HBC-radiomatic ya ku Crailsheim m'dziko la Germany, Autec ya ku Italy, komanso Tele Radio ndi Scanreco za ku Sweden.

Chipangizochi chili pawiri. Pali kabokosi kotumiza, kamene munthu amagwira m'manja kapena kumanga ndi lamba pamimba, kokhala ndi mabatani kapena timitengo tokankha ndi zala. Ndiye pali bokosi lolandira, lomangidwa pa kireni penipeni ndi kulumikizidwa ku magetsi a mamota. Karimoti ka TV kamatumiza kuwala kumene maso athu sakuona, nchifukwa chake timakaloza ku TV. Ka kireni kamatumiza mafunde a wailesi. Wailesi zathu za FM zimamveka pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, pamene tibokositi timalankhulira m'mwamba kuposa apo: pa 433 MHz kuno ku Africa ndi ku Ulaya, pa 868 MHz ku Ulaya, pa 915 MHz ku America, ndiponso pa 2.4 GHz pamene pamadutsanso Wi-Fi ndi Bluetooth. Mafundewa ali ndi owayang'anira. Kwathu kuno ndi bungwe la MACRA, ku South Africa ndi ICASA.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Kabokosi sikangotumiza phokoso loti kweza. Kamatumiza kalata yaifupi ya manambala, ndipo kamaitumiza mobwerezabwereza kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kalata iliyonse ili ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi keyala, nambala imene ndi ya kabokosi kameneko ndi kireni yake yokha. Pa fakitale imodzi pakhoza kukhala makireni asanu, onse akumva mafunde a anzawo, koma iliyonse imataya kalata imene ilibe keyala yake. Chachiwiri ndi lamulo lenilenilo. Chachitatu ndi nambala yotsimikizira. Tiyerekeze mayi wa geni ku Mangochi akutumiza madengu a usipa ku Limbe pa lole. Amalemba pa pepala madengu a mtundu uliwonse, ndipo pansi pake amalemba chiwonkhetso. Wolandira amawerenga yekha nkufananitsa, ndipo zikasiyana amadziwa kuti panjira pachitika kanthu. Bokosi lolandira limachita chimodzimodzi. Limawerengetsa manambala a m'kalatamo, ndipo akasemphana ndi nambala yotsimikizira, kalatayo imatayidwa yonse. Silichita zolota kuti mwina amati kumanja. Limadikira kalata yotsatira, imene ikufika m'kuphethira kwa diso.

Chimene ife chimatisangalatsa koposa ndi ichi: kabokosi kakayatsidwa sikakhala chete ngakhale woyendetsa asakudina batani lililonse. Kamangonena kuti ndilipo, ndilipo, ndilipo. Bokosi lolandira likaleka kumva mawu amenewa, kaya batire latha, kaya munthu wapita kutali, kaya kabokosi kagwa nkusweka, kaya wina wasokoneza mafunde, limadula magetsi ndipo kireni imaima. Malamulo a amisiri a zamagetsi a makina onyamula katundu amaika nthawi imeneyi pa theka la sekondi, ndipo pamene pali chifukwa chomveka amalola mpaka masekondi awiri. Mwa njira imeneyi, kwa kireni kukhala chete kumatanthauza kuti ima. Sipafunika munthu woiuza.

Wina afunsa kuti magetsi akadulidwa katundu ali m'mwamba, kodi sagwa? Sagwa. Mabuleki a kireni anapangidwa mosiyana ndi a njinga. Pa njinga buleki imagwira ukafinya. Pa kireni buleki imakhala yogwira nthawi zonse chifukwa cha zitsulo zolimba zoifinya, ndipo magetsi ndiwo amaitsegula kuti mota izungulire. Magetsi akachoka buleki imabwerera pamalo pake nkuluma. Ife a kuno amene tinazolowera kuthima kwa magetsi tikhoza kuyamikira nzeru imeneyi kuposa ena onse.

Pa kabokosi kalikonse pali batani lalikulu lofiira looneka ngati bowa. Munthu akalimenya, kabokosi kamatumiza lamulo loti zonse ziime, kenaka kamaleka kulankhula. Choncho ngakhale lamulolo litapanda kufika, kukhala chete kuja kumaimitsa kireni ndithu. M'kati mwa bokosi lolandira la makina abwino njira yoimitsira ili pawiri: timakompyuta tiwiri toyang'anirana, ndi masiwichi awiri odula magetsi otsatizana. Siwichi imodzi ikapsa nkumatirira, inzake imadulabe, ndipo bokosilo limakana kuyakanso kufikira mmisiri atakonza.

Poyatsa palinso mwambo wake. Kireni siyaka ngati batani lina ladinika kale kapena kamtengo kena sikali pakati. Izi zimateteza tsiku limene kabokosi kanapanikizidwa m'chikwama kapena batani linakakamira ndi fumbi la simenti. Pa makireni ambiri batani loyatsira limalizanso hutala kuti onse amve. Tibokosi tina timafuna kiyi kapena nambala yachinsinsi, tina timazima tokha tikakhala mphindi zingapo osagwiritsidwa ntchito, ndipo tina timaimitsa kireni tikapendekeka kwambiri, poganizira kuti mwina wotivala wagwa.

Za kusokonezana kwa mafunde tingonena mwachidule. Tibokosi tamakono timafunafuna tokha mpata wopanda phokoso, ndipo tina timadumphadumpha kuchoka pa mpata wina kupita pa wina, bokosi lolandira likutsatira. Mwa anthu amene amakumbukiridwa pa nzeru yodumphadumphayi muli mayi wochita mafilimu ku Hollywood, Hedy Lamarr, amene pamodzi ndi wopeka nyimbo George Antheil analandira chikalata cha umwini wa nzeruyi m'chaka cha 1942, nkhondo ili m'kati. Atsikana athu a ku sekondale aimve imeneyo.

Komatu walira mvula walira matope. Zonse tanenazi zinapangidwa poopa ngozi zobwera zokha, osati munthu wa mtima woipa. Mu Januwale 2019 kampani yoteteza makompyuta ya Trend Micro inafalitsa zimene akatswiri ake anapeza atayesa tibokosi ta makampani 7. Anapeza kuti keyala ija inali yosasintha. Munthu wokhala ndi kawailesi kojambula mafunde akanatha kuima kunja kwa mpanda, kujambula kalata yoti kweza, nkudzaiulutsanso nthawi ina, ndipo kireni ikanamvera poyesa kuti ndi mwini wake. Akanathanso kumangobwereza lamulo loimitsa kuti ntchito isayende tsiku lonse. Akatswiriwo anazionetsa pa makina enieni ku Italy, eni ake atawaloleza. Mankhwala ake ndi keyala yosintha pa kalata iliyonse ndi kubisa uthenga, monga zimachitikira pa timarimoti ta magalimoto amakono. Makampani ena anakonza makina awo, koma kireni ndi chinthu chokhalitsa zaka makumi, ndipo ife tikuona kuti bwana amene akugwiritsabe ntchito bokosi lakale ayenera kufunsa amene anamugulitsa ngati linakonzedwa.

Ngakhale zili choncho, chimene ife timaopera ana athu si wakuba wa mafunde. Ndi zinthu zazing'ono za tsiku lililonse zimene kabokosi sikangazione. Woyendetsa akuyenda chafutambuyo maso ali m'mwamba, nkupunthwa pa chitsulo. Watembenuka, ndipo kumanja kwake kwasanduka kumanzere kwa kireni. Nchifukwa chake pa mlatho wa kireni amajambulapo zizindikiro kapena mitundu yofanana ndi ya pa mabatani, ndipo wanzeru amayang'ana zimenezo osati manja ake. Wina watenga kabokosi ka kireni ya kumpoto poyesa kuti ndi ka ya kumwera, akudina, akudabwa kuti yake siikuyenda, pamene kumbuyo kwake ina ikukoka katundu pakati pa anthu. Wina wasiya kabokosi koyaka pa tebulo popita kukamwa tiyi. Wina, pofuna kuthamangitsa ntchito, akuyendetsa kireni ndi dzanja limodzi kwinaku akukankha katundu ndi linalo, mutu uli pansi pa mbedza. Ufulu woima paliponse ndi womwewo umene umalola munthu kuima pamalo oipitsitsa.

Ndipo pali zina zimene sizikhudzana ndi wailesi nkomwe: waya wothetheka, mbedza yokhota, katundu wopyola muyeso wolembedwa pa kireni, nthaka yofewa, ndi mphepo. Ambiri a ife tikukumbukira tsiku la 11 Sepitembala 2015, pamene kireni yaikulu inagwera Msikiti Wopatulika ku Makkah kukuwomba mphepo yamkuntho ndi mvula, ndipo anthu 111 anamwalira, Allah awachitire chifundo. Limenelo silinali vuto la kabokosi. Asodzi sapikisana ndi mwera, ndipo woyendetsa kireni wophunzira bwino amatsitsa katundu nkuimika makina mphepo ikakula, ngakhale kapitawo akwiye.

Malamulo alipo. Kwathu kuno lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito linakhazikitsidwa m'chaka cha 1997. Ku South Africa lamulo lotere ndi la 1993, ndipo pansi pake pali ndondomeko ya makina onyamula katundu. Imati kireni iyesedwe yonse ndi katswiri pasanathe miyezi 12, ndipo zingwe, matcheni, mbedza ndi mabuleki ziunikidwe pasanathe miyezi 6. Imatinso woyendetsa akhale wophunzitsidwa ndi sukulu yovomerezeka. Apa ndi pamene ana athu amapunthwira. Mnyamata wa ganyu, makamaka amene mapepala ake sali bwino, akapatsidwa kabokosi amakalandira ndi manja awiri, chifukwa kakuoneka kosavuta ngati masewera a pa foni, ndiponso akuopa kuti akakana ntchito imuthera. Bwana wapeza woyendetsa wotchipa. Tsiku la ngozi funso loyamba limakhala loti anamuphunzitsa ndani.

Tsono makolo anzathu, mwana akadzaimba foni Lachisanu likudzali, mutatha kufunsa za umoyo ndi za ndalama ya feteleza, mufunseninso izi. Kodi anapita ku maphunziro ndipo chikalata chake chili m'manja mwake? Kodi kabokosi kake kali ndi nambala yofanana ndi ya pa kireni? Kodi akamachoka amakazimitsa nkukatsekera? Ndipo m'mawa uliwonse, mbedza ilibe katundu, kodi amayendetsa kireni pang'ono nkumenya batani lofiira kuti aone ngati ikuimadi? Kuyesa kumeneku sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe. Ikapanda kuima, kabokosiko apereke kwa kapitawo pamaso pa anzake awiri, ndipo asakagwirenso mpaka mmisiri atabwera.