Kompyuta yakana kuyaka? Musafulumire kulira maliro

Mu Okutobala 2024 amalume anga a ku Kanakantapa anandiimbira foni usiku. Mawu awo anali ngati a munthu wodzanena uthenga wa maliro. "Mphwanga, kompyuta ija yafa. Undifunsireko mtengo wa ina kumeneko ku Lusaka, ndigulitsa mbuzi ziwiri." Amalume ali ndi kashopu komwe amalemberako anthu makalata, ma CV a anyamata ndi atsikana ofuna ntchito, ndiponso mapepala a makopaletivu a alimi. Kompyuta yawo ndi ya salaula, yokalamba ndithu, koma ndiyo imagula mayunifomu ndi mabuku a ana awo.

Loweruka ndinakwera basi ya ku Chongwe n'kutsika pa Great East Road pamene pamapatukira msewu wa ku Kanakantapa. M'thumba ndinali ndi sikuludiraiva imodzi ndi labala ya pensulo. Patatha mphindi 20 kompyuta inayaka. Mbuzi zija zikadali m'khola, ndipo imodzi inabereka.

Sindine injiniya. Zimene ndinachita tsiku lija mwana wa giledi 8 angazichite ngati wina atamuonetsa kamodzi. Apa ndiye pali nkhani yanga. Makompyuta ambiri amene timati afa sanafe ayi. Timawaika m'manda ali moyo chifukwa tinaphunzitsidwa kuopa bokosi lija. Ife achinyamata tikudziwa kutsegula akaunti ya TikTok titatsinzina, koma kumasula masikuluwu awiri kumbuyo kwa kompyuta timati ndi ntchito ya akatswiri a m'tauni.

Zimenezi n'zodabwitsa makamaka ku Kanakantapa. Dera limeneli boma linalitsegula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti achinyamata osowa ntchito apeze minda n'kumadzidalira. Mpaka lero mlimi wa kumeneko njinga ikathyoka sipoko saitaya. Chigayo chikazima amayamba waona mafuta ndi lamba asanaitane makanika. Pampu ikaleka kukoka madzi amaimasula n'kuyang'ana mphira. Nanga n'chifukwa chiyani nzeru yomweyo imathawa tikafika pa kompyuta?

Mawu akuti "siyikuyaka" amabisa matenda atatu osiyana, ndipo ntchito yoyamba ndi kudziwa kuti ndi ati. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dinani batani, kenaka mvetserani ndi kuyang'ana. Kodi yangoti zii, popanda kuwala kapena phokoso? Kodi mafani akuzungulira koma sikirini ili bii? Kapena ikuonetsa malemba koma Windows sakutseguka?

Ngati yangoti zii, nthawi zambiri vuto ndi njira ya malaiti. Yambani ndi zinthu zooneka ngati zopusa. Ikani tchaja ya foni pa soketi yomweyo muone ngati ikugwira. Chotsani adaputala kapena chingwe chowonjezera, mulumikize kompyuta mwachindunji kukhoma. Pulagi ya mano atatu ija ili ndi fyuzi m'kati, ndipo fyuzi ikapsa kompyuta imakhala chete ngati mwala, pamene mtengo wa fyuzi sufika ngakhale wa mtolo wa repu. Chingwe cha malaiti cha kompyuta n'chofanana ndi cha sikirini zambiri, choncho mukhoza kusinthanitsa kuti muyese. Kumbuyo kwa makompyuta ena kuli kaswichi kolembedwa I ndi O, kamene mwana kapena tsache lingakankhe osadziwa. Zonsezi zikakhala bwino, zulani chingwe, dinani batani loyatsira kwa masekondi 30 kuti mphamvu yotsalira ituluke, ndiye mulumikizenso. Makompyuta ena amadzuka ndi zimenezi chabe.

Pali chinthu china choti ogula makompyuta a salaula achidziwe. Ena akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Malaiti a kuno ku Zambia ndi a 230. Kaswichiko kakakhala pa 115, monga mmene amaikira ku America, mudzamva kuphulika ndi fungo la chopsa mukangolumikiza. Ngakhale zitatero, chimene chimapsa kawirikawiri ndi kabokosi kolandira malaiti, kamene amakatcha power supply. Kameneka kamasinthidwa pakokha pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kompyuta yonse.

Ya amalume inali ndi matenda achiwiri. Mafani ankazungulira, sikirini ili bii, ndipo m'kati munkamveka kulira kwa "bii, bii, bii". Kulira kumeneko ndi chilankhulo. Kompyuta ikamayaka imayamba yadziyeza yokha, ndipo ikapeza chiwalo chosayankha imalira kapena kuthwanimitsa nyali mwa kawerengedwe kake. Kampani iliyonse, kaya Dell kaya HP, ili ndi matanthauzo ake, ndipo mukalemba dzina la kompyuta yanu pa intaneti ya pafoni mudzawapeza. Musanatsegule bokosi, onani kaye ngati sikirini yayaka payokha ndiponso ngati chingwe chake, chija cha mutu wabuluu kapena cha HDMI, chalowa bwino mbali zonse ziwiri.

Ine ndinazula chingwe cha malaiti, ndinamasula chivundikiro, n'kugwira chitsulo cha bokosilo kuti mphamvu imene imakhala m'thupi isawononge tizipangizo. M'kati munali fumbi la Okutobala lokwanira kudzalamo mbatata, ndi chisa cha mphemvu pakona. Ndinatsegula timano ta mbali ziwiri timene timagwira RAM, kachipangizo kooneka ngati rula yaifupi. Ndinapukuta mano ake agolide ndi labala, ndinachotsa nyenyeswa zake, n'kukabwezera mpaka kanalira kuti "ta". Basi. Kutentha, fumbi ndi kugwedezeka zimachititsa kuti RAM isagwirane bwino ndi malo ake. Mukakhala ndi ma RAM awiri, yesani imodzi imodzi, chifukwa imodzi yowonongeka imaletsa ndi yabwino yomwe.

Amalume anayang'ana sikirini, anayang'ana labala ija, n'kunena kuti, "Ndiye mbuzi zanga zikanapita chifukwa cha labala ya mwana wa sukulu?" Ndinati, "Inde amalume, ndipo mawa mukachita nokha ine ndikuonerera."

Matenda achitatu ndi aja kompyuta imalemba mawu koma osapitirira. Ikamadandaula za tsiku ndi nthawi, kapena ikamabwerera ku chaka chakale nthawi zonse mukayatsa, ndiye kuti kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo katha. Dzina lake ndi CR2032, ndipo kamapezeka kwa ogulitsa mabatire a mawotchi. Ikamanena kuti siyikupeza poyambira, onani ngati simunaiwale fulashi pa USB, kenaka onani tizingwe tiwiri topita ku hard disk. Ndipo dziwani ichi: ngakhale kompyuta itafadi, zithunzi ndi makalata anu amakhala mu hard disk, imene ikhoza kuchotsedwa n'kuwerengedwa pa kompyuta ina. Musagulitse bokosi kwa ogula zitsulo hard disk ili momwemo, muli ma CV ndi manambala a NRC a anthu a m'mudzi wonse.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Adzati munthu wosaphunzira akatsegula kompyuta adzaiwononga koposa, mwinanso kugwidwa ndi malaiti. Mantha amenewa ali ndi pake, ndipo malire ake alipo. Musagwire m'kati chingwe chili kukhoma. Musatsegule kabokosi ka power supply ngakhale mutazula chingwe, chifukwa kamasunga mphamvu yoti n'kukuvulazani. Musakakamize chinthu chimene chikukana kulowa. Jambulani ndi foni musanazule chilichonse kuti mudziwe pobwezera. Kompyuta ikakhala yatsopano, ya galanti, ibwezeni kumene munaigula. Mukaona motherboard yapsa kapena tizitini take tatupa, pamenepo pitani kwa katswiri. Sindikunena kuti okonza makompyuta alibe ntchito. Ndikunena kuti munthu wofika kwa iwo atayesa kale soketi, chingwe ndi RAM sanamizidwa msanga, ndipo sawononga ndalama ya basi ndi tsiku lathunthu chifukwa cha fyuzi.

Kupewa nako kuli ndi malo ake. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, m'madera ambiri malaiti ankabwera maola 3 okha pa tsiku. Kuzima kwadzidzidzi kumasokoneza hard disk, ndipo malaiti pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira. Choncho akapita zulani pulagi, akabwera dikirani mphindi zingapo. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala, mphenzi ikamang'anima zulani zonse. Amene angakwanitse agule UPS kapena kachipangizo koteteza ku mphamvu yopitirira. Musaike kompyuta pansi pomwe tsache limautsira fumbi, ndipo muziipukuta m'kati ndi burashi youma chilimwe chisanafike pachimake.

Pempho langa lalikulu likupita ku masukulu. Phunziro la kompyuta linalowa m'makalasi a giledi 8 ndi 9 mu 2014, ndipo mayeso ake oyamba mu 2015 anaonetsa poyera kuchepa kwa makompyuta, pamene ana m'masukulu ena anadikira mpaka usiku kuti apeze pokhala. Komabe ambiri a ife tinaonapo chipinda cha sukulu chimene pakona pake paunjikidwa makompyuta "akufa", ofundidwa nsalu, oletsedwa kukhudza. Aphunzitsi athu, tipatseni amenewo. Chimene mwachitcha chakufa sichingafenso kawiri. Ana akamasula makompyuta asanu otere, mwina awiri adzadzuka, ndipo atatu otsalawo adzapereka ziwalo. Kuposa pamenepo, mwana amene wagwirapo RAM ndi manja ake saopanso makina moyo wake wonse, ndipo ku Chongwe konse kuli mashopu, matchalitchi ndi makopaletivu ofuna munthu wotere pafupi.

Inu anzanga a ku Mtendere, Kalingalinga ndi Chelstone amene muli ndi achibale kumunda, ulendo wotsatira musangonyamula shuga ndi buledi. Ikani sikuludiraiva m'chikwama. Funsani ngati pali kompyuta imene inalembedwa kale m'gulu la akufa, muitsegule pamodzi ndi ana a pakhomopo, iwo agwire inu mukulongosola.

Mwezi watha amalume anandiimbiranso. Kompyuta ya ku tchalitchi kwawo inakana kuyaka, ndipo mwana wawo wamkazi wa giledi 9 ndiye anapita kukaiona. Linali vuto la fyuzi.