TPIN tengani lero, VAT musaithamangire

Pa Mzimba boma, ku Jenda ndi ku Embangweni kuli achinyamata ambiri amene adamaliza ku Mzuni ndi m'makoleji ena ndipo akudyera laputopu ndi kamera. Wina amajambula maukwati, wina amakonza malogo, wina amamasulira mafomu a kafukufuku m'Chitumbuka. Ambiri mwa iwo amaganiza kuti kulembetsa VAT ku MRA ndi umboni wakuti geni yakula. Ine ndikuti kwa munthu wogwira maganyu payekha, kulembetsa nthawi isanakwane n'kudzitchera msampha.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. TPIN ndi nambala yanu ya msonkho, ndipo aliyense wochita geni akufunika kukhala nayo. Bungwe likamakulipirani limadula msonkho wa withholding, ndipo nambalayi ndi imene imasonyeza kuti ndalama yodulidwayo yalembedwa m'dzina lanu. VAT ndi nkhani ina. Lamulo limakukakamizani kulembetsa pokhapokha zimene mwagulitsa pachaka zikafika pa malire oikika. Mu 2021 malirewo adakwera kuchoka pa K10 miliyoni kufika pa K25 miliyoni, ndipo bajeti ya boma imatha kuwasunthanso. Amawerengera ndalama zonse za ntchito zanu, osati phindu lokha.

Mukalembetsa mumasanduka wotolera msonkho wa boma wosalandira malipiro. Kumapeto kwa 2025 VAT idakwera kuchoka pa 16.5 kufika pa 17.5 peresenti. Ndiye kuti pa ntchito ya K2 miliyoni mulemba invoyisi ya K2,350,000, ndipo K350,000 yapamwambayo si yanu. Iyenera kufika ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira. Vuto ndi lakuti VAT imawerengedwa kuyambira pamene mwapereka invoyisi, ngakhale kasitomala asanatulutse tambala. Aliyense amene adadikirapo cheke cha bungwe miyezi itatu akudziwa kumene K350,000 imeneyo ikachokere: kwa akatapila kapena kwa m'bale wa ku Joni. Mwezi umene simudagwire ntchito muyenerabe kutumiza lipoti pa Msonkho Online, ndipo mukachedwa pali chindapusa.

Ena amati wolembetsa amabwezeredwa VAT imene adalipira pogula zipangizo. N'zoona, koma wokonza malogo amagula chiyani? Laputopu kamodzi pa zaka zingapo ndi mabandulo a intaneti. Pomwepo makasitomala ake ambiri, monga banja lokonza ukwati ku Edingeni kapena mwini golosale pa Jenda, sadalembetse VAT ndipo sangabwezeredwe kanthu. Kwa iwo inu mwangokwera mtengo kuposa mnzanu wa khomo lachiwiri. Kulembetsa mwakufuna kwanu kumapindula pokhapokha makasitomala anu akakhala makampani olembetsa kale.

Izi sizikutanthauza kuti mugone. Mu 2021 dola imodzi inali pafupifupi K800, koma kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, idafika cha m'ma K1,700. Amene amalipidwa m'madola kapena m'marandi akhoza kuwoloka malire ntchito yake isanakule n'komwe, ndipo wopitirira malire osalembetsa amadzafunsidwa msonkho umene sadatolere kwa aliyense. Choncho gulani kope, muzilemba invoyisi iliyonse, ndipo mwezi uliwonse muziwonkhetsa za miyezi 12 yapitayo.

Kwa a MRA pempho langa ndi limodzi: lolani ogwira ntchito paokha azipereka VAT ndalama ikalowa m'manja, osati tsiku la invoyisi. Wachinyamata wa ku Embangweni asamakongoze boma ndalama imene iye mwini sanaione. Kufikira zimenezi zitatheka, musalembetse chifukwa chofuna kuoneka wamkulu pa invoyisi. Lembetsani kope lanu likakuuzani kuti malire afika.