Uta Wopacika Pakhoma

Mwezi wathawu, titangotuluka m'mapemphero a mphakati kuno ku Chiparamba, mai wina anatiitanira pambali mtima uli m'mwamba. Mwana wao wa zaka 11 anali atabwera kunyumba cikope citatupa, magazi ali cuu: mnzake anamlasa ndi kamubvi ka bango kamene anakhomerako msomali kunsonga. Diso linapulumuka, koma msomaliwo unang'amba khungu m'mphepete mweni-mweni mwa diso. "A Katekisiti," anatero maiwo, "Lamulungu likudzali mukalengeze kuti mauta onse a ana atenthedwe."

Sitinalengeze. Mnyamata ndi uta simungawalekanitse ndi cilengezo ca m'chalichi. Mukatentha lero, mawa akadula nsungwi ina kudambo, ndipo tsopano azikaponyera kuseri kwa nkhokwe kumene kulibe diso la munthu wamkulu. Akulu-akulu anati mubvi woyang'anira sucedwa kulowa m'maso, ndipo ife makolo ndife tinauyang'anira. Anawo anadziphunzitsa okha nchito imene kale mwana ankaiphunzira atakhala pambali pa agogo ake kapena amalume ake, nalandira malamulo ake pamodzi ndi luso lake.

Uta si mlendo m'dziko lino. Angoni a Mpezeni anadza ndi cishango ndi mkondo, zomwe timazionabe ku Mtenguleni pa Nc'wala mwezi wa Febuluwale, cibwezeretsedwe mwambowo mu 1980. Koma Acewa, Ansenga ndi Akunda amene anawapeza kuno anali anthu a uta ndi phodo. Mfuti za Azungu zitagonjetsa cishango mu Januwale 1898, uta nawonso unayamba kutha mphamvu, ndipo lero m'mudzi wathunthu mungapeze nkhalamba imodzi kapena ziwiri zodziwa kuusema bwino. Zikapita nkhalambazo, adzatsala ndi msomali uja.

Ndiye tinagwirizana ndi azibambo a mumphakati kumanga kacisakasa kuseri kwa nyumba ya mmodzi wa ife, kuti ana azisemera mauta pamaso pa akulu. Banja lililonse lingathe kucita cimodzi-modzi, cifukwa ndalama sizilowapo. Nsanamira zinai, denga la udzu, cipika cokhalapo, ndi thandala m'mwamba loumikapo mitengo. Zida zake ndi kasemasema, mpeni wakuthwa, tupa, ndi phale la makala. Cofunika kuposa zonsezi ndi kabokosi kokhala ndi loko, ndipo mfungulo wake usamakhale m'thumba la mwana.

Pa mtengo wa uta m'pamene agogo amene akutiphunzitsa amacedwapo, ndipo nafenso ticedwepo. Kwa ana, nsungwi yokhwima imakwanira. Idulidwe m'cilimwe, iumikidwe pamthunzi kwa miyezi iwiri kapena itatu, osati padzuwa, cifukwa dzuwa limaing'alula. Amene ali ndi khichini la udzu aipacike kudenga kuti utsi uiteteze ku tizilombo toboola mitengo. Posema, mbali ya kunja, ija yoyang'ana kumene mubvi ukupita, isakhudzidwe ndi mpeni ai. Mukaiceka ngakhale pang'ono, uta udzathyokera pomwepo tsiku lina, ndipo zidutswa zake zimabwerera kumaso kwa mwini wake. Mupale mbali ya m'kati yokha, pakati pakhale ponenepa, kunsonga kuziwiri kuzinka kucepa. Mukapala pang'ono, pindani pabondo muone ngati mbali ziwirizo zikugonja mofanana. Imene ikukana, ipaleninso. Nchito imeneyi imadya masana onse, ndipo taona anyamata amene sakhazikika m'kalasi ya katekisimu kwa mphindi khumi atakhala duu maola atatu, lilime lili panja, akupala nsungwi.

Nsinga makolo ankaipanga ndi cikopa kapena mitsempha ya nyama. Ife tikupota khonje panchafu ndi kulipaka phula la njuci. Uta ukatha nchito ya tsikulo, nsinga imasulidwe, cifukwa uta wogona uli cikungire umafooka. Ndipo mwana asazolowere kukoka nsinga ndi kuitaya popanda mubvi. Mphamvu yonse imabwerera mumtengo.

Mibvi ndi ya bango louma. Lokhota liongoledwe pa makala, mokhotetsa pang'ono-pang'ono ndi manja. Kamphanda kolowa nsinga kadulidwe pafupi ndi mfundo ya bango ndi kukulungidwa ndi ulusi kuti kasang'ambike. Nthenga za nkhanga kapena za nkhuku zicokere ku phiko limodzi, apo ai mubvi umayenda ngati woledzera. Utali wake uyesedwe pa mwana mwini wake, kucokera pacifuwa kufika kunsonga za zala atatambasula manja kutsogolo, ndi kuonjezako pang'ono: mubvi waufupi umapulumuka pa uta nulasa dzanja la wouponya.

Kunsonga kwake ndiko tinakangana. Bambo wina, amene atate ake anali mlenje wochuka ku cigwa ca Luangwa, anati mubvi wopanda citsulo ndi coseweretsa ca makanda, ndipo anadzipereka kukasulitsa nsonga zeni-zeni. Tinamkaniza, ngakhale anacoka atakhumudwa ndipo milungu iwiri sanabwere. M'kacisakasa kathu mubvi umabvala kadutswa ka citsononkho kapena mpira wa phula, basi. Msomali, waya, sipoko ya njinga, zonsezi n'zoletsedwa. Za ulembe wopaka kumibvi sitilola ngakhale kuzikamba pamaso pa ana. Pali cifukwa cina kuonjezera pa maso a ana athu. Lamulo la nyama za m'chire la mu 2015 limati kusaka wopanda laisensi ndi mlandu, ndipo silisankha kuti wapha ndi mfuti kapena ndi uta. Kuyambira mu 2003 bungwe la COMACO lakhala likulandira mfuti ndi misampha ya mawaya kwa alenje amene asankha ulimi. Si ife amene tingayambe kulera alenje atsopano ozembera lamulo kuseri kwa nyumba ya mkhristu.

Candamale cathu ndi thumba la feteleza lodzaza udzu, loimikidwa patsinde pa culu, kumene kuseri kwake kulibe njira, citsime, kapena khola. Ang'ono amaponya pa mapazi 10, okulirapo pa mapazi 20. Tinawauza kuti pa masewera a Olympic anthu amalasa candamale pa mtunda wa mamita 70, ndipo anakhala kukamwa kuli yasa. Onse amaima pamzere umodzi. Palibe wothamangira kukatola mubvi mpaka wamkulu atanena kuti mauta pansi. Woloza mnzake ndi uta, ngakhale mwanthabwala, ngakhale ulibe mubvi, amapita kwao tsiku limenelo.

Ena atifunsa ngati n'koyenera kuti katekisiti azitaya Loweruka lake pa cida ca nkhondo ndi ca miyambo yakale. Funsoli si lacibwana, ndipo sitinaliyankhe mothamanga. Koma taonani dzina limene makolo athu anapatsa Mulungu. Poona uta wa Leza utatambalala kumwamba nthawi ya dzinja, anamucha Cauta, mwini uta waukulu, ndipo Buku Loyera limene linatuluka mu 1998 linatenga dzina lomwelo. Pa mutu 9 wa Genesis, cigumula citatha, cizindikilo ca cipangano ca Mulungu ndi Nowa ndi uta woikidwa m'mitambo, wopanda mubvi, wosaloza munthu. Mpingo nawonso uli ndi nkhoswe ya oponya mibvi, Sebastian Woyera, msilikali wa ku Roma amene analasidwa ndi mibvi cifukwa ca cikhulupiriro m'masiku a mfumu Diocletian. Timamkumbukira pa 20 Januwale. Tikuganiza kuti tsiku limenelo ana adzacite mpikisano wao woyamba, ngati abambo mfumu abvomereza, ndipo atsikana awiri amene akhala akusuzumira pampanda talemba kale maina ao.

Loweruka lapitali mai uja anafika yekha kudzaona. Anaima patali, manja ali kumbuyo, osalankhula. Mwana wao, cipsera cikuoneka pacikope, ndi mnzake uja anamlasa anali atakhala pa cipika cimodzi, wina atagwira bango, wina akumanga nthenga. Dzuwa litapendeka agogo anawerenga mibvi, inakwana 14, naitsekera m'bokosi. Mauta anawamasula nsinga ndi kuwapacika pakhoma. Maiwo anafunsa kuti mfungulo amasunga ndani, ndipo titawauza kuti sitinasankhebe munthu, anatambasula dzanja.