Nthambo za pansi pa nyanja ndi nkhani yathu

A Mkonzi,

Mlembi wanu wina akuti ndalama zoyalira nthambo za intaneti pansi pa nyanja yamchere sizikutikhudza Amalawi, poti dziko lathu lili kumtunda. Kodi pa 12 Meyi 2024 anali kuti? Nthambo za EASSy ndi SEACOM zitaduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti kuno inkachita kukwawa, chithunzi pa WhatsApp kumangozungulira osatseguka. Uthenga wathu umatulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo, akafunse! Nthambo ya 2Africa inafika kale ku Nacala, pakhomo penipeni. M'malo monyoza, akanafunsa boma ndi makampani a foni kuti akuika ndalama zingati potilumikiza kumeneko.

Wowerenga wanu,
Balaka